Mwaganiza Zosiya Nyama? Nawa Malo Ofunsa ndi Anthu Okuthandizani

Wachinyamata akaganiza zosiya kudya nyama, uthenga sumusowa. Foni ili m'manja, ndipo kungolemba mawu awiri pa intaneti, mavidiyo ndi nkhani zimabwera zosawerengeka. Chovuta n'chakuti ena mwa olankhulawo akugulitsa malonda, ena akufuna owatsatira, ndipo ena akunena zoona koma zoyenera munthu wamkulu amene amadzigulira ndi kudziphikira yekha. Inu mukadali kukula, mafupa anu sanamalize kukhwima, ndipo mwina chakudya chimene mumadya amaphika ndi munthu wina. Mumvera ndani tsono, ndipo muyambira pati? Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndingapatse mng'ono wanga atabwera ndi nkhani imeneyi.

Choyamba, dzifunseni nokha

Musanapite kwa wina aliyense, tengani pepala mulembe zinthu ziwiri: chifukwa chimene mukusiyira nyama, ndi zimene mukufuna kusiya kwenikweni.

Zifukwa zimasiyana. Wina amamvera chisoni ziweto, wina akutsata chipembedzo, wina akuganiza za thanzi, winanso za chilengedwe atamva kuti bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linawerengera mu 2013 kuti ulimi wa ziweto umatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko umene umachokera ku ntchito za anthu. Chifukwa chanucho ndicho chidzakuuzeni kopita, pakuti wotsata chipembedzo ali kale ndi akuluakulu owafunsa pomwe wodera nkhawa thanzi ayenera kuyambira kuchipatala. Koma ngati mutalemba moona mtima mwapeza kuti chimene mukufuna n'kuchepetsa thupi, kapena kupeza chonamizira choti musamadye ndi anzanu, dumphani zonsezi mukawerenge gawo lomaliza.

Zosiyazo zili ndi magulu. Pali anthu osadya nyama ndi nsomba koma amadya mazira ndi zamkaka, ndipo posakasaka pa intaneti mudzawapeza ndi mawu akuti vegetarian. Pali ena osadya chilichonse chochokera ku nyama, ngakhale mazira, mkaka ndi uchi, amene amatchedwa vegan. Malangizo a magulu awiriwa si ofanana, ndiye muziona bwino kuti tsamba limene mukuwerenga likulankhula ndi gulu liti. Kwa munthu amene akukula ndipo sakudzigulira yekha chakudya, ine ndimalangiza kuyamba ndi njira yoyambayo. Mazira ndi mkaka zimatseka mipata yambiri pamene mukuphunzira zina zonse.

Chachiwiri, sankhani malo ochepa owerenga, koma odalirika

Simukufunika masamba makumi awiri. Atatu kapena anayi abwino ndi okwanira, bola akhale a mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi mabungwe a anthu osadya nyama amene akhalapo nthawi yaitali. Vegetarian Society inayamba mu 1847 ku Ramsgate ku England, ndipo patsamba lake pali maphikidwe ndi malangizo a kadyedwe. Vegan Society, imene Donald Watson ndi anzake anayambitsa mu 1944, ili ndi masamba ofotokoza michere yofunika m'thupi umodziumodzi, olembedwa ndi akatswiri a kadyedwe. Vegetarian Resource Group ya ku Baltimore ku America yakhala ikulembera achinyamata ndi makolo awo mwapadera, ndipo imayankha mafunso enieni monga zochita makolo akakana kapena zodya ukamachita masewera. International Vegetarian Union, imene inakhazikitsidwa ku Dresden mu 1908, imasonkhanitsa mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana, choncho ndi poyambira pabwino ngati mukufuna kudziwa ngati kufupi ndi kwanu kuli gulu lotere.

Mabungwe amenewa amadziwa zambiri, koma kumbukirani kuti cholinga chawo n'chakuti anthu ambiri asiye nyama. N'chifukwa chake mukufunikanso mtundu wachiwiri, wa mabungwe a zaumoyo amene sapindula kanthu inu mukadya nyama kapena mukaisiya. Tsamba la NHS, bungwe la boma loona za umoyo ku Britain, lili ndi nkhani zazifupi zosavuta kumva za kadyedwe kopanda nyama. British Dietetic Association imalemba timapepala tofotokoza mfundo imodziimodzi. Ofesi ya Office of Dietary Supplements ya ku America ili ndi tsamba la vitamini aliyense ndi mchere uliwonse, losonyeza mlingo wofunika malinga ndi msinkhu. Mfundo imene mwaipeza kumbali zonse ziwiri mungaikhulupirire. Imene ikupezeka mbali imodzi yokha, iikeni padera kuti mukafunse.

Dziwaninso kuti akatswiri enieniwo sagwirizana pa zonse. Mu 2016 Academy of Nutrition and Dietetics ya ku America inanena kuti kadyedwe kopanda nyama, ngakhale ka vegan, kakakonzedwa bwino n'koyenera pa misinkhu yonse kuphatikizapo unyamata. M'chaka chomwecho bungwe la kadyedwe la ku Germany, la DGE, linati panthawiyo silikulimbikitsa kadyedwe ka vegan kwa ana, achinyamata ndi amayi oyembekezera. Mukawerenga mofatsa mudzaona kuti onsewa akudera nkhawa chinthu chimodzi, chomwe ndi kukonza bwino. Kungochotsa nyama m'mbale n'kusiya zina zonse momwe zinaliri sikukonza.

Zambiri mwa zolembedwazi zili m'Chingerezi chokhala ndi mawu a sayansi. Pamene mwakakamira, pitani nazo kwa aphunzitsi a sayansi kapena a zophikaphika, kapenanso kwa woyang'anira laibulale. Ndipo musataye mtima mukaona maphikidwe odzaza ndi zakudya zimene simunazionepo. Funsani kuti chakudyacho achiikamo chifukwa cha mchere uti, kenako fufuzani china chimene mungachipeze mosavuta chokhala ndi mchere womwewo.

Chachitatu, yesani aliyense ndi funso la vitamini B12

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene achinyamata ambiri amanamizidwa.

Vitamini B12 amapangidwa ndi mabakiteriya, ndipo m'zakudya amapezeka mokwanira mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka basi. Palibe ndiwo zamasamba, zipatso kapena mbewu imene mungadalire. Thupi limamufuna popanga maselo ofiira a magazi ndi posamalira mitsempha. Mlingo wake ndi wochepa kwambiri, mamaikulogalamu 2.4 patsiku kwa munthu wa zaka 14 kupita m'tsogolo malinga ndi mawerengedwe a ku America, koma akasowa kwa nthawi yaitali mitsempha imatha kuwonongeka osachiranso. Choopsa china n'chakuti chiwindi chimasunga vitaminiyu kwa zaka, kotero munthu amatha chaka chimodzi kapena ziwiri akumva bwinobwino, n'kumauza anzake kuti nkhani ya B12 ndi yongoopseza. Zizindikiro zikamabwera, monga kutopa kosatha, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala, nkhokwe ija imakhala itatha kale.

Amene wasiya zonse zochokera ku nyama ayenera kupeza B12 m'mapiritsi kapena m'zakudya zimene anachita kumuthiramo kufakitale. Vegan Society imalangiza mamaikulogalamu osachepera 10 tsiku lililonse kapena 2,000 kamodzi pamlungu ngati ukumwa mapiritsi, ndipo ngati ukudalira zakudya zothiridwazo uzidye kosachepera kawiri patsiku kuti zikwane mamaikulogalamu 3. Kusiyana kwa manambalawa kusakudabwitseni: thupi limayamwa pang'ono pokha panthawi imodzi, choncho ukamamwa patalipatali umafunika wambiri. Amene amadya mazira ndi mkaka ali pabwinoko, koma ngati dzira ndi la apo ndi apo ndipo mkaka ndi wongoyeretsera tiyi, nayenso ali pachiopsezo.

Tsono gwiritsani ntchito mfundo imeneyi ngati muyeso. Mukapeza munthu pa YouTube, TikTok kapena Instagram amene akuphunzitsa za kusadya nyama, fufuzani zimene amanena pa B12. Akamati simufunika mapiritsi chifukwa thupi limadzipangira lokha, kapena kuti mumupeza m'masamba osatsuka, kapena mu ndere yotchedwa spirulina, musiyeni pomwepo. B12 wopezeka mu spirulina kwambiri ndi wamtundu umene thupi la munthu siligwiritsa ntchito, ndipo amene mabakiteriya amapanga m'matumbo athu aakulu amakhala atadutsa kale malo oyamwira. Munthu wolakwitsa pa mfundo yodziwika chonchi sangakutsogolereni pa zina.

Palinso zina zoti zikuchenjezeni. Amene akulonjeza kuti kadyedwe kake kachiza matenda onse, kapena akuuza anthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala, ndi woopsa. Amene nkhani zake zonse zimathera pa ufa kapena mapiritsi amene iye akugulitsa ndi wamalonda. Amene akuonetsa zimene wadya tsiku lonse, mbale zake zili tating'onoting'ono ta zipatso, sakuonetsani zimene thupi lokula limafuna. Maphikidwe mutha kutengako kwa anthu oterewa, koma malangizo a thanzi ayi.

Chachinayi, lembani manambala anu ochepa

Mukapita kwa makolo kapena kuchipatala muli ndi pepala lokhala ndi manambala, amakumverani mosiyana. Nawa ofunika kwambiri kwa azaka 14 mpaka 18.

Mapuloteni, zomanga thupi zija, ndiwo aliyense adzakufunseni, ngakhale kuti kawirikawiri sindiwo amavuta. Mumafunika magalamu pafupifupi 0.85 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu, ndiye wolemera makilogalamu 55 amafunika magalamu ngati 47 patsiku. Kapu ya nyemba zophika ili ndi magalamu pafupifupi 15, dzira limodzi 6, kapu ya mkaka 8, mtedza wodzaza dzanja 7, ndipo chimanga, mpunga ndi tirigu zimawonjezera gawo lake. Mbewu za mtundu wa nyemba ndi za mtundu wa chimanga zimakwaniritsana, pakuti chimene chimachepa mwa imodzi chimapezeka mwa inzake, ndipo sikuti mpaka zidyedwe nthawi imodzi, bola zonse zilowe m'thupi tsiku lomwelo.

Ayironi ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa, makamaka kwa atsikana amene anayamba kusamba. Mlingo wa ku America ndi mamiligalamu 11 kwa anyamata ndi 15 kwa atsikana, koma popeza ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta, osadya nyama amalangizidwa kuchulukitsa mlingowo ka 1.8, kufika pafupifupi 20 ndi 27. Kapu ya nyemba zophika imapereka pakati pa 3 ndi 5, ndiye mukuona nokha kuti ntchito ilipo. Mwamwayi pali njira zothandizira thupi kuyamwa wambiri. Vitamini C wa mu lalanje, ndimu, tomato kapena gwafa akadyedwa pamodzi ndi chakudyacho amathandiza kwambiri. Tiyi ndi khofi zimatchinga, choncho zimweni patapita ola kapena kuposerapo mutadya. Kuviika nyemba usiku wonse, kumeretsa mbewu, ndi kufufumitsa buledi ndi yisiti kumachepetsa chinthu chotchedwa phytate chimene chimagwira ayironi ndi zinki kuti zisalowe m'thupi.

Kashiamu amafunika kwambiri pa msinkhu uno chifukwa mafupa ambiri amamangidwa m'zaka zimenezi. Ku America amalangiza mamiligalamu 1,300 patsiku, ku Britain 1,000 kwa anyamata ndi 800 kwa atsikana. Kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 300. Wosamwa mkaka ayang'ane mkaka wa soya wothiridwa kashiamu, chitowe, nyemba ndi masamba monga mpiru ndi ena otchedwa kale pa Chingerezi. Sipinachi ali ndi kashiamu wambiri koma wochepa yekha ndi amene thupi limatha kuyamwa. Ayodini amapezeka mosavuta mu mchere wothiridwa ayodini, ndipo vitamini D khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa.

Chinthu china chimene anthu amaiwala n'chakuti zakudya za zomera zimakhutitsa msanga koma mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwake. Wachinyamata amene wasiya nyama kawirikawiri amafunika kudya zochulukirapo, osati zocheperapo, ndi kuwonjezera mtedza, mapeyala ndi mafuta ophikira.

Chachisanu, lankhulani ndi amene amaphika

Kwa ine, thandizo lalikulu kuposa onse lili pano. Mabungwe a ku Britain ndi Baltimore sadzakuikirani chakudya patebulo madzulo ano. Amene amagula ndi kuphika pakhomo panu akakumvetsani, zambiri zatheka, ndipo akapanda kukumvetsani tsiku lililonse likhala la mkangano.

Musalengeze nkhaniyi chakudya chili kale patebulo. Munthu amene watopa ndi kuphika akamva mwana akuti sadya zimenezi, amamva kunyozedwa, ngakhale inu simunafune kutero. Sankhani nthawi imene apumula, ndipo yambani ndi kupempha osati kuuza. Mungathe kunena kuti: “Amayi, pali nkhani imene ndimafuna ndikambirane nanu mukapeza mpata. Ndakhala ndikuganiza zosiya nyama. Sikuti ndikunyoza zimene mumatiphikira ayi. Ndawerenga zimene thupi langa likufuna ndipo ndalemba apa. Mungandilole ndiyesere mwezi umodzi, nyemba ndiziviika ndi kuphika ndekha?”

Makolo akakana, kawirikawiri pamakhala nkhawa zitatu, ndipo zonse n'zomveka. Yoyamba ndi thanzi lanu: apa ndi pamene pepala lija ligwire ntchito, ndipo mungawapemphe kuti mupitire limodzi kuchipatala akamve okha. Yachiwiri ndi ndalama ndi ntchito yophika kawiri. Yankho lake ndi manja anu. Phunzirani kuphika zakudya zitatu kapena zinayi zimene banja lonse lingadye, pemphani kuti akupatulireni ndiwo asanathiremo nyama, ndipo musabwere ndi mndandanda wa zinthu zodula zimene mwaona pa intaneti. Nyemba, nandolo, soya ndi mtedza m'malo ambiri n'zotsika mtengo kuposa nyama. Nkhawa yachitatu sakonda kuitchula: amaopa kuti mukudzipatula, kuti mwayamba kuona banja lanu ngati lolakwa. Imeneyi siyankhidwa ndi mawu. Pitirizani kukhala nawo pa chakudya, thandizani kutsuka mbale, ndipo musamalalikire anthu pamene akudya.

Akakanitsitsa, musabise chakudya kapena kugona ndi njala pofuna kuonetsa kuti mwatsimikiza. Pemphani zochepa, monga masiku awiri pamlungu, kapena kusiya nyama yofiira yokha poyamba. Funaninso wamkulu wina amene makolo anu amamumvera, kaya azakhali, amalume, agogo kapena aphunzitsi, mumufotokozere bwinobwino kuti akuthandizeni kulankhula. Ndipo agogo musawadumphe pa nkhani ya maphikidwe. Anthu achikulire ambiri anakula nyama ili chakudya cha apo ndi apo, ndipo amadziwa kukometsa nyemba ndi masamba kuposa mavidiyo ambiri.

Mukayamba kuphika nokha, sungani malamulo awiri. Nyemba zouma, makamaka zofiira, muziviike, mutaye madziwo, ndipo ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, chifukwa zosapsa bwino zili ndi poizoni wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Mtedza kapena chimanga chochita chuku, tayani, pakuti chukucho chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi kuphika.

Chachisanu ndi chimodzi, kaonaneni ndi wa zaumoyo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pitani kwa dokotala, namwino kapena katswiri wa kadyedwe, ndipo musadikire kudwala. Musanapite, lembani zonse zimene mwadya kwa masiku atatu, mosabisa kanthu, kuphatikizapo tsiku limene munangodya buledi ndi zakumwa zotsekemera. Auzeni zimene mwasiya ndi nthawi imene munasiya. Funsani ngati n'koyenera kuyeza magazi kuti aone ngati ndi okwanira, ndiponso ngati angathe kuyeza ayironi wosungidwa m'thupi ndi B12. Funsaninso kuti mubwerenso liti.

Mapiritsi a ayironi musamwe mwa nokha musanayezedwe. Ayironi akachuluka m'thupi amawononga, ndipo mapiritsiwo ndi oopsa kwambiri kwa ana aang'ono akawapeza n'kumeza. Kutopa kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo si zonse zimachokera ku chakudya.

Ena ayenera kupita kuchipatala asanasinthe chilichonse: woyembekezera kapena woyamwitsa, wodwala shuga, wa matenda a impso kapena a magazi, amene amataya magazi ambiri posamba, amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena soya, ndi aliyense amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Mwachitsanzo, metformin wa shuga akamwedwa nthawi yaitali amachepetsa B12 amene thupi limayamwa.

Mwina mudzakumana ndi wa zaumoyo amene angokuuzani kuti bwererani ku nyama basi. Musakwiye ndipo musaleke kupita kuchipatala. Funsani mwaulemu chimene chikumudetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa mwina waona china m'magazi anu chofunika kuchimvera. Ngati ndi kusazolowera chabe, pemphani kuti akutumizeni kwa katswiri wa kadyedwe. Posankha katswiri, funsani kumene anaphunzira ndi bungwe limene linamulembetsa. M'mayiko ena, monga Britain, dzina lakuti dietitian ndi lotetezedwa ndi lamulo pomwe lakuti nutritionist aliyense angathe kudzitcha.

Chachisanu ndi chiwiri, pezani anzanu a ulendo umodzi

Kudya mosiyana ndi aliyense amene wakuzungulira kumatopetsa, ndipo ambiri amene amabwerera m'mbuyo sabwerera chifukwa cha njala koma chifukwa cha kusungulumwa. Yambani ndi anthu amene akhala moyo umenewu kwa mibadwo. Mpingo wa Seventh-day Adventist wakhala ukulimbikitsa kusadya nyama kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo kafukufuku wamkulu wa Adventist Health Study-2, amene yunivesite ya Loma Linda inayamba mu 2002, anatsatira anthu pafupifupi 96,000 ku America ndi Canada. Akhristu a mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia amasala nyama, mazira ndi mkaka Lachitatu ndi Lachisanu komanso m'nyengo zazitali za kusala. Ajaini ndi Ahindu ambiri a ku India sadya nyama moyo wawo wonse. Simukufunika kulowa chipembedzo cha munthu kuti mumufunse mmene amaphikira, ndipo ambiri amasangalala akafunsidwa.

Kusukulu, mnzanu mmodzi yekha ndi wokwanira poyambira. Mukakhala awiri kapena atatu mungapemphe aphunzitsi kuti akuthandizeni kuyambitsa kagulu kophunzitsana kuphika. Masiku odziwika amathandiza kupeza poyambira: pa 1 Okutobala ndi tsiku lokumbukira kusadya nyama padziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1977, pa 1 Novembala ndi la vegan, ndipo pa 10 Febuluwale ndi tsiku la mbewu za mtundu wa nyemba limene United Nations inavomereza. Ntchito ya Meatless Monday, imene inayamba mu 2003, imangopempha tsiku limodzi pamlungu, ndipo Veganuary, imene inayamba ku Britain mu 2014, imapereka maphikidwe ndi malangizo kwa amene akufuna kuyesa mwezi wa Januwale.

Magulu a pa Facebook ndi WhatsApp ndi abwino pogawana maphikidwe ndi kulimbikitsana, koma lowani maso ali tcheru. Musapereke kumene mumakhala, sukulu yanu kapena zithunzi zanu kwa munthu amene simunakumanepo naye. Kukakhala msonkhano, ukhale pamalo a anthu ambiri, ndipo wamkulu wa kwanu adziwe. Gulu limene limanyoza munthu chifukwa wadya dzira, limene limapikisana kuti wadya zochepa ndani, kapena limene limakuuzani kuti makolo anu ndi adani anu, tulukanimo tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chitatu, konzekerani kunja kwa nyumba

Ngati muli pasukulu yogonera komweko, pitani ndi kalata ya makolo kwa oyang'anira zakudya teremu isanayambe, ndipo khalani ndi mtedza kapena chiponde chanu chosungira. Mukaitanidwa kwa anthu, dziwitsani mwini nyumba pasadakhale ndipo dziperekeni kubweretsa chakudya chimodzi. Paulendo, tsamba la HappyCow limasonyeza malo odyera okhala ndi zakudya zopanda nyama m'mizinda yambiri.

Phunziraninso kuwerenga zolembedwa pa mapaketi. Jelatini wa m'maswiti ena amachokera ku mafupa ndi zikopa, utoto wofiira wa E120 umachokera ku tizilombo, tchizi zina zimaumitsidwa ndi rennet wochokera m'mimba mwa thole, ndipo timibulu tambiri tokometsera ndiwo tili ndi mafuta kapena msuzi wa nyama. Katundu wochokera ku India amakhala ndi kadontho kobiriwira m'kabokosi kobiriwira ngati mulibe nyama. Mukadya china mosadziwa, palibe chimene chawonongeka. Mwangodziwa cha mawa.

Chomaliza, dziwani nthawi yofuna thandizo mwachangu

Pakatha mwezi umodzi, kenako itatu, bwererani ku pepala lanu mudzifunse mmene thupi likumvera. Mpweya wa m'mimba m'masabata oyamba si wodabwitsa, umachepa matumbo akazolowera nyemba. Koma kutopa kosatha, chizungulire, kubanika pokwera chitunda chimene kale munkakwera bwinobwino, kuyera m'zikhato ndi m'maso, kuthothoka tsitsi, dzanzi, kutsika kwa sikelo, kapena kusiya kusamba kwa mtsikana amene sali woyembekezera, zimenezi n'zofunika kupita nazo kuchipatala mlungu womwewo.

Pali china chovuta kuchitchula. Kwa achinyamata ena, kusiya nyama kumakhala chophimba cha matenda a kadyedwe, chifukwa kumapereka chifukwa chomveka chokanira chakudya pamaso pa anthu. Ngati mndandanda wa zimene simudya ukungokulirakulira, ngati mumachita mantha kapena kudziimba mlandu mukadya, ngati mumawerenga chilichonse cholowa m'kamwa, kudzisanzitsa, kapena kudziona wonenepa pamene ena akuti mwaonda, vuto si nyama. Ndi matenda, amagwira anyamata ndi atsikana omwe, ndipo amachiritsika bwino akapezeka msanga. Uzani munthu wamkulu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya kholo, mlangizi wa pasukulu kapena namwino, ndipo mumuuze zonse, osati theka. Mapulogalamu a pafoni owerengera zakudya muwachotse kaye kufikira mutaonana ndi dokotala.

Mukaona zizindikiro zimenezi mwa mnzanu, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Muuzeni kuti mukumudera nkhawa, mum'pemphe kuti mupitire limodzi kwa wamkulu, ndipo akakana pitani nokha mukanene.